Munthu amene Michael Jordan anamulanda malo

Pa masewero alionse pali anthu awiri amene ojambula zithunzi sawalabadira: amene wakhala pa benchi kudikira kuti mwina mphunzitsi amuitana, ndi amene anasiya kusewera kalekale koma amabwerabe kubwalo ndi wezulo m'khosi. Nkhani yanga ndi ya munthu amene wakhalapo pa malo onse awiriwa. Dzina lake ndi Sam Vincent wa ku America, yemwe anasewera basiketibolo mu ligi yaikulu ya NBA, kenaka n'kuthera zaka zambiri akuphunzitsa masewerowa, kuphatikizapo kuno ku Africa. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu awerengi, amene tsiku lanu limathera kumunda, kudimba kapena pa njinga kuyendera midzi, simunalimvepo dzinali. Ndiloleni ndikufotokozereni, chifukwa mbiri yake ikukhudza funso limene komiti iliyonse ya chitukuko imakumana nalo: kodi munthu amene ntchito yake ndi kuphunzitsa ena timamuyeza ndi muyeso wanji?

Telala wa ku Atteridgeville

Ine ndimagwira ntchito yofalitsa nkhani m'bungwe lina lomwe si la boma, ndipo ntchitoyi ndi imene inandifikitsa ku Atteridgeville, dera lomwe lili kumadzulo kwa mzinda wa Pretoria ku South Africa. Derali linakhazikitsidwa mu 1939, ndipo mabanja oyamba anawasamutsira kumeneko kuchokera ku Marabastad, pa nthawi imene azungu olamula ankafuna kuti anthu akuda azikhala kutali ndi pakati pa mzinda. Eni ake amangolitchula kuti Pheli. Kumeneko mpira wamiyendo ndiye mfumu, moti bwalo lalikulu la zamasewero analipatsa dzina la Lucas Moripe, katswiri wa timu ya Pretoria Callies wa m'zaka za m'ma 1970. Basiketibolo amakhala ngati mwana wa mlendo, amadya enawo akakhuta.

Pa kabwalo kena ka simenti pafupi ndi sukulu ndinakumana ndi bambo wina wa kwathu ku Malawi, telala, amene Loweruka lililonse ankaphunzitsa ana basiketibolo popanda malipiro. Ali mnyamata ankasewera ku Blantyre mpaka bondo linamukana. Anali ndi mipira itatu, umodzi wophwa, ndi ana oposa 20: ena olankhula Chisutu, ena a makolo a ku Zimbabwe, ena a kwathu amene Chichewa amachimva koma poyankha amayankha m'Chingerezi. Onse ankamuitana kuti Coach, ine ndinkati akochi.

Nditawafunsa kuti andisonyeze mwana waluso kwambiri woti ndimujambule, anaseka. "Achemwali," anatero, "waluso kwambiriyo chaka chamawa sakhala pano. Sukulu za anthu andalama zimutenga, ndipo ndikondwa naye. Koma mukajambula iye yekha, awa otsalawa ndi ine tidzakhala ngati sitinakhalepo. Kodi mumamudziwa Sam Vincent?" Ndinavomera kuti sindimamudziwa. Anandifotokozera zimene ankadziwa, zina ndinakafufuza ndekha.

Zaka za pa benchi

Sam Vincent anabadwa mu 1963 ku Lansing, m'chigawo cha Michigan, kwawonso kwa katswiri wotchuka Magic Johnson. Ali kusekondale, mu 1981, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'chigawocho. Anaphunzira ndi kusewera pa yunivesite ya Michigan State, ndipo mu 1985 timu ya Boston Celtics inamutenga pa nambala 20 mwa anyamata onse olowa mu NBA chaka chimenecho. Malo ake anali a wogawa mpira, amene amautenga kuchokera kumbuyo n'kuona kuti mwa anzake anayiwo woyenera kuponya ndani.

Anafika pa timu imene sinkasowa kanthu. Panali Larry Bird, Kevin McHale ndi Robert Parish, ndipo pa malo amene iye ankasewera panali kale Dennis Johnson ndi Danny Ainge. Chaka chimenecho Celtics inapambana masewero 67 n'kuluza 15 okha, ndipo mu 1986 inatenga chikho itagonjetsa Houston Rockets ya Hakeem Olajuwon, mwana wa ku Lagos. Vincent analandira mphete ya ukatswiri m'chaka chake choyamba, koma nthawi yambiri anaithera pa benchi, akulowa mphindi zochepa akuluakuluwo akatopa.

Mu 1988, atadzera ku Seattle, anapita ku Chicago Bulls kumene anapeza malo m'gulu loyambirira, akugawira mpira Michael Jordan. Zinkaoneka ngati nthawi yake yakwana. Koma mu March 1989 mphunzitsi wa timuyo, Doug Collins, anaganiza kuti Jordan yemweyo ndiye azigawa mpira. Jordan anachita zodabwitsa pa malowo, manyuzipepala anadzaza ndi dzina lake, ndipo Vincent anabwerera ku benchi. Chaka chomwecho anatengedwa ndi timu yatsopano ya Orlando Magic, kumene anasewera mpaka 1992. Zaka zake mu NBA zinakwana 7.

Akochi ankaikonda kwambiri mbali imeneyi ya nkhani. Ankati wosewera amene ali m'bwalo amaona munthu mmodzi, amene akulimbana naye, pamene wokhala pa benchi amaona anthu onse khumi, ndipo amamva zimene mphunzitsi akunong'oneza omuthandiza. Amadziwanso ululu wosaitanidwa, choncho akadzakhala mphunzitsi saiwala mwana wa kumapeto kwa mzere. Mbiri ya masewerowa imawavomereza pang'ono. Pa benchi yomweyo ya Boston mu 1986 panalinso Rick Carlisle, amene mu 2011 anatenga chikho cha NBA ngati mphunzitsi wa Dallas Mavericks. Magic Johnson, ndi luso lake lonse lija, atayesa uphunzitsi ku Los Angeles Lakers mu 1994 anapambana masewero 5 mwa 16 ndipo anasiya. Sikuti katswiri sangaphunzitse, pakuti Larry Bird anachita bwino ndithu ku Indiana Pacers. Chimene tikuona n'chakuti luso lochita chinthu ndi luso lochiphunzitsa ndi mbewu ziwiri, ndipo sizimera nthawi zonse m'munda umodzi.

Ulendo wa ku Africa

Atasiya kusewera, Vincent anabwera ku South Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dziko litangochoka mu ulamuliro watsankho. Anaphunzitsa timu ya Cape Town Kings mu ligi imene inali itangoyamba kumene, ndipo anagwiranso ntchito ndi timu ya dziko. Ligiyo sinakhalitse. Panadutsa zaka zambiri kuti ina yofanana nayo iyambe mu 2013. Iye anapitiriza ulendo: ku Greece, ku Netherlands, kenaka ku ligi yaing'ono ya ku America kumene timu yake ya Mobile Revelers inatenga chikho mu 2003.

Chinthu chimene Africa amamukumbukira nacho chinachitika ku Athens mu 2004, pa masewero a Olimpiki. Vincent anali mphunzitsi wa timu ya amayi ya Nigeria. Timuyo inaluza masewero onse asanu a m'gulu lake. Pa masewero omaliza, ongofuna kuona amene akhale pa nambala 11 ndi amene akhale pa nambala 12, inagonjetsa South Korea ndi mapointi 68 kwa 64. Wolemba lipoti wofulumira akanangolemba kuti timuyo inali yachiwiri kuchokera kumapeto. Koma aka kanali koyamba kuti timu ya amayi ya ku Africa ipambane masewero a basiketibolo pa Olimpiki. Panatenga zaka 20 kuti timu ya amayi ya Nigeria ipambanenso pa Olimpiki, ndipo itatero ku Paris mu 2024, pansi pa mphunzitsi wamkazi Rena Wakama, inagonjetsa Australia ndi Canada n'kufika mu ndime ya matimu 8, kumene timu ina iliyonse ya ku Africa, ya amuna kapena ya amayi, inali isanafikeko. Ulemu wa ku Paris ndi wa Wakama ndi atsikana akewo. Komabe njira imene anadutsamo inayamba kulambulidwa tsiku lija anthu ankalimbirana nambala 11.

Mu 2006 Vincent anatsogolera timu ya amuna ya Nigeria ku mpikisano wa dziko lonse ku Japan. Inagonjetsa Serbia and Montenegro, dziko lodziwika kwambiri pa masewerowa, ndipo inatuluka mu ndime yachiwiri itaphonya ndi pointi imodzi yokha kwa Germany, 78 kwa 77.

Kenaka dziko linazungulira modabwitsa. Mu 2007 Michael Jordan, yemwe anali atakhala mmodzi wa eni timu ya Charlotte Bobcats ndiponso woyang'anira za masewero, anamulemba Vincent ntchito ya mphunzitsi wamkulu. Munthu amene anamulanda malo uja ndi amene anamutsegulira khomo la ntchito yapamwamba zedi pa uphunzitsi wa basiketibolo. Timuyo inapambana masewero 32 n'kuluza 50, ndipo mu April 2008, chitangotha chaka chimodzi, anamuchotsa. Mu 2017 anabwerera ku timu ya amayi ya Nigeria n'kutenga nayo chikho cha Africa ku Bamako, m'dziko la Mali, osaluza ngakhale kamodzi. Chaka chotsatira anamuchotsanso, mpikisano wa dziko lonse utayandikira. Mu 2022 anavomera kukaphunzitsa pa Beacon College ku Florida, koleji yaing'ono ya achinyamata amene amavutika kuphunzira monga amaphunzirira anzawo. Munthu amene anasewera limodzi ndi Bird ndi Jordan anayambanso kuonetsa ana a eni kagwiridwe ka mpira.

Tsiku la fainolo

Mu 2025 Vincent anabwereranso ku South Africa kudzaphunzitsa timu ya MBB ya ku Johannesburg mu ligi ya makalabu a mu Africa yotchedwa BAL, yomwe inayamba mu 2021. Ndime zomaliza za chaka chimenecho zinaikidwa ku Pretoria, m'holo ya SunBet Arena, kum'mawa kwa mzinda. Aliyense ankayembekezera kuti timu ya eni dziko ikhalapo. Koma MBB inagwa pa masewero a m'magulu ku Kigali ndipo sinafike ku Pretoria.

Pa 14 June, tsiku la fainolo, ndinaperekeza akochi ndi ana awo asanu ndi mmodzi kukaonera. Kuchoka ku Atteridgeville tinakwera teksi kupita m'tauni, n'kukweranso ina kupita kum'mawa. Mtunda wake si wautali, koma ana ena anali asanafikeko chibadwire. Anaona timu ya Al Ahli Tripoli ya ku Libya ikugonjetsa Petro de Luanda ya ku Angola, anaona pansi pa matabwa osalala ndi magetsi owala ngati masana. Tikutuluka, mnyamata wina wa zaka 13 anafunsa chifukwa chimene panalibe timu ya South Africa. Atamva, anagamula mlandu pomwepo: mphunzitsi wa timuyo ndi wolephera, amuchotse.

Akochi sanamudzudzule. Anangomufunsa kuti, "Iwe, Loweruka lathali tinaluza ndi mapointi angati?" Mwanayo anati 30. "Ndiye undichotse?" Mwanayo anayang'ana pansi, anzake akuseka.

M'teksi yobwerera, ana akusinza, anandiuza zimene zinali kumtima kwawo. Loweruka ndi tsiku limene telala amapeza makasitomala ambiri, ofuna kupinditsa mathalauzi ndi kusoketsa zovala za ukwati. Mayi a kunyumba kwawo ku Malawi, amene amadikira ndalama ya feteleza ndi ya fizi, anali atafunsa kangapo kuti mpirawo umabweretsa chiyani. "Akunena zoona, achemwali," anatero. "Ana a eni ndikuwaphunzitsa, anga akudikira. Chikho ndilibe choti ndiwaonetse. Mwina ndingosiya."

Ndinalibe yankho lotsika mtengo lowapatsa. Ndalama ya feteleza si nkhambakamwa, ndipo munthu amene amalandira malipiro pa mwezi ayenera kusamala polangiza wodzipereka kuti apirire. Chimene ndinachita ndi kuwafunsa mayina a ana onse amene anadutsa m'manja mwawo. Tinawerenga pa kabuku kanga mpaka teksi inaima. Atatu anali pa sukulu zabwino chifukwa cha mpira. Ambiri anali atasiya kusewera, koma akochi ankadziwa kumene aliyense ali. Atsikana awiri akuluakulu, amene sanakhalepo aluso kwambiri ndipo nthawi zambiri ankakhala kunja kwa mzere, ndi amene ankafika moyambirira, kusesa bwalo ndi kufoletsa ana aang'ono.

Patapita milungu ingapo anandiimbira foni. Anali atagwirizana ndi atsikana awiri aja kuti iwo azibwera Loweruka limodzi, linalo azikhala pa makina osokera, atsikanawo akuyendetsa maphunziro. Anawagulira wezulo aliyense wake. Ndalama yopita kumudzi inakwera pang'ono, ndipo bwalo silinatsekedwe.

Kumunda ndi kumudzi

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi mlimi wa ku Mchinji, ku Katete kapena ku Angónia. Ntchito yathu ya chitukuko yaima pa anthu onga akochi: alimi otsogolera, olera ana m'sukulu za mmera mpoyamba, aphunzitsi a sukulu za kwacha, odzipereka oyendera odwala m'makomo. Onsewa ndi aphunzitsi, ndipo ambiri salipidwa. Mbiri ya Vincent ndi ya telala uja yandisiyira mfundo zingapo zimene ndikufuna tiziganizire limodzi.

Posankha mlimi wotsogolera, maso athu amathamangira kwa amene wadzaza nkhokwe kuposa onse. Nthawi zina ameneyo ndi woyeneradi. Koma nthawi zina wakolola zambiri chifukwa munda wake uli m'dambo lachonde, kapena mwana wake wa kutauni anamutumizira matumba a feteleza, ndipo ukamufunsa kuti wachita bwanji amangoti ndi khama. Mayi amene chimanga chake chinatha ndi mbozi chaka china, n'kuphunzira kuyendera munda m'mamawa kusuzumira m'mitima ya chimanga, angathe kufotokoza bwino chifukwa vutolo analilawa. Amadziwa pamene munthu amalakwitsira, ndipo sanyoza wolakwitsa. Pamsonkhano wosankha, tisamangofunsa kuti wakolola matumba angati. Tizifunsanso kuti anthu akasokonezeka amapita kukafunsa kwa yani.

Mfundo ina ndi ya nthawi. Mapulojekiti athu ambiri amakhala a zaka zitatu, ndipo malipoti amafuna zotsatira pa miyezi itatu iliyonse. Ndi muyeso umenewo, timu ya Nigeria ya mu 2004 inalephera. Mtengo wa mango subala chaka chimene waokedwa, ndipo mayi amene waphunzira kulemba dzina lake lero zipatso zake zidzaoneka pa mwana amene adzamuthandize homuweki. Si kulakwa kuwerenga zokolola za chaka chino, pakuti njala sidikira. Koma pambali pa nambala imeneyo payenera kukhala ina: mwa anthu amene munthuyu waphunzitsa, ndi angati amene angathe kuphunzitsa anzawo iye palibe? Bungwe likadzanyamula katundu wake, imeneyi ndi nambala imene idzatsale m'mudzi.

Pali nkhaninso ya Loweruka la telala. Wodzipereka aliyense amalipira kenakake: tsiku la ganyu, mzere wosapalira, geni yosiyidwa. Mudzi umene umapindula naye sungangomuombera m'manja pa tsiku la chionetsero. Mutu umodzi susenza denga. Ngati kalabu ilibe ndalama, ili ndi makasu: tsiku limodzi pa nyengo yopalira, amene amaphunzira kwa mlimi wotsogolera angathe kukalowa m'munda mwake. Ntchito ingathenso kugawidwa monga anachitira akochi, kuti munthu mmodzi asapsereretu. Wodzipereka akafika ponena kuti watopa, nthawi zambiri amakhala atatopa kalekale.

Pomaliza, tisawataye amene nthawi yawo yosewera yatha. M'mudzi uliwonse muli munthu amene anali katswiri wa mpira, wa gule, wa kuumba mbiya kapena wa kumezanitsa mitengo, amene lero amangokhala pakhonde chifukwa mwendo kapena maso zinafooka. Chimene akudziwa sichinafooke. Kwathu ku Malawi tili nacho chitsanzo pa basiketibolo pomwepa: kalabu ya Bravehearts ya ku Lilongwe, imene a Griffin Kalua anaiyambitsa mu 2015, yafika poimira dziko pa mipikisano ya kunja, ndipo imadziwikanso pothandiza anyamata ndi atsikana kupeza mwayi wa maphunziro kudzera m'masewerowa. Zoterezi zimayamba pamene munthu wodziwa kanthu wapatsidwa bwalo ndi ana.

Sam Vincent wachotsedwa ntchito kangapo, ndipo zimenezi zinalembedwa m'manyuzipepala a mayiko ambiri. Zimene atsikana a ku Nigeria, anyamata a ku Cape Town ndi ophunzira a ku Florida anatola kwa iye sizinalembedwe mofanana, chifukwa n'zovuta kuziika pa tebulo la manambala. Aphunzitsi a m'midzi mwathu alibe ngakhale nyuzipepala yowalemba. Choncho pa msonkhano wotsatira wa komiti yanu, musanafike pa nkhani ya ndalama, ndikupemphani mupatule mphindi zochepa. Aliyense atchule munthu amene anamuphunzitsa chinthu chimene akudyera lero, kaya ndi kupanga manyowa, kusunga buku la banki m'khonde kapena kuyeza mwana pa sikelo. Mlembi alembe mayinawo. Kenaka funsanani kuti mwa anthu amenewo ndi angati amene akadali m'mudzimo, ndipo munda wawo chaka chino wapalira ndani.